Utsi wa ku Fairbanks: kuletsa moto kapena kusintha chitofu?

Mumzinda wa Fairbanks, ku Alaska m'dziko la America, kuzizira kumafika madigiri 40 pansi pa ziro. Mpweya wozizira umakhazikika m'chigwa, wofunda n'kuuvundikira ngati mphika, utsi wa nkhuni n'kusowa kothawira. Mu 2009 bungwe la boma la America loteteza chilengedwe la EPA lidalengeza kuti mpweya wa kumeneko sukukwanira muyezo.

Njira ina ndi kuletsa: mpweya ukaipa, boma limalamula kuti zitofu za nkhuni zizimitsidwe. Imagwira msanga, koma tsiku lochuluka utsi ndi lomwenso kwazizira koopsa, ndipo mafuta otenthetsera nyumba ndi okwera mtengo. Amene alibe njira ina yofunditsira nyumba amapempha chilolezo chapadera. Ambiri zidawaipira. Mu 2018 adavota kuti khonsolo yawo ileke kulamulira zitofu, ntchitoyo n'kutsalira boma la Alaska.

Inayo ndi kusinthanitsa: khonsolo imathandiza ndi ndalama, munthu n'kuchotsa chitofu chakale, kuika chamakono kapena cha gasi. Imachedwa, imadya ndalama, komabe ine ndasankha imeneyi, poti utsi umachepa nyengo yonse. Kungoti chamakonocho mukachiponyera nkhuni zaziwisi chimafukabe, n'chifukwa chake ogulitsa nkhuni adalamulidwa kuti chinyezi cha nkhunizo chisamapitirire 20 peresenti.