Kusiyanitsa mpox ndi katsabola kwa wodwala amene wagonekedwa m'chipatala

Wodwala akabwera ndi thupi lotentha komanso matuza pakhungu, dokotala amaganizira matenda awiri, mpox ndi katsabola, ndipo kusiyana kwake kumaonekera kwambiri pa matuzawo. Matuza a katsabola amakhala apamwamba pakhungu, amayabwa, amachuluka pachifuwa ndi pamsana, ndipo amatuluka mosinthana moti ena amakhala akuuma pamene ena akungoyamba. A mpox amakhala olimba, ozama ndi opweteka, ena amakhala ndi kadzenje pakati, ndipo amafika m'zikhatho ndi kumapazi, kumene katsabola safika kawirikawiri. Pa mliri wa mpox wa 2022, odwala ambiri anali ndi zilonda zochepa chabe, kumaliseche, kumatako kapena m'kamwa.

Chizindikiro chimene chimathandiza kwambiri ndi mwanabere wa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, amene amatupa pa mpox koma satupa kawirikawiri pa katsabola.

Katsabola amafala mumpweya ndipo amatha pafupifupi pa sabata imodzi, pamene mpox, imene inapezeka koyamba mwa munthu m'dziko la Democratic Republic of Congo mu 1970, imafala makamaka pokhudzana khungu, pogonana kapena pogwira zofunda za wodwala, ndipo imatenga masabata 2 mpaka 4. Imakula kwambiri mwa ana, amayi oyembekezera ndi anthu amene HIV yafooketsa chitetezo cha m'thupi mwawo. Komabe maso okha sakwanira, chifukwa munthu angathe kudwala matenda onse awiri nthawi imodzi, choncho madzi a m'matuza amayenera kuyezedwa ndi PCR, njira ya ku labotale yozindikirira kachilombo kamene kayambitsa matendawo.