Miyezi isanu ndikuphunzira kusoka kwa telala wa ku Chinamwali

Makina amene ndikusokera ndi Singer yakuda yopalasa ndi mapazi, imene mayi a kunyumba anandisiyira atamwalira mu 2021. Inakhala pakona ya chipinda zaka zitatu itafundidwa chitenje. Ana ankati tiigulitse. Ine mtima unkakana, koma ngakhale polowetsa ulusi sindinkapadziwa. Moyo wanga wonse ndinali pachiwongolero cha thiraki: Blantyre, Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Johannesburg. Nsalu ndinkangoiona mayi akuidula pamphasa ndikabwera kuulendo.

Tsiku lina ndinavundukula chitenje chija kuti ndipukute fumbi. Nditazunguza gudumu ndi dzanja, singano inatsika n'kukwera, ndipo funso linandigwira: kodi singano yoti siidutsa yonse kuseri kwa nsalu imamanga bwanji msoko? Wosoka pamanja amabaya n'kukoka singano mbali inayo. Iyi imangosuzumira pansi n'kubwerera. Funso limeneli ndi limene linandifikitsa, ndili ndi zaka 66, pashopu ya mayi wina wachitsikana kufupi ndi msika wa Chinamwali kuno ku Zomba. Ndalemba izi chifukwa anzanga angapo a kutchalitchi akhala akundifunsa ngati n'koyenera kulipira ndalama kuphunzira ntchito ya manja munthu utakula.

Shopuyo ndi chipinda chimodzi ndi khonde. Muli makina atatu opalasa a Butterfly, aja ochokera ku China opangidwa motengera Singer yakale, ndi ovaloko imodzi yamagetsi, yomalizira m'mphepete mwa nsalu. Ndimalipira K30,000 pamwezi, kupita masiku atatu pasabata kuyambira 8 koloko mpaka masana. Nsalu yophunzirira, ulusi ndi singano umagula wekha. Ndinayamba mu Ogasiti pamodzi ndi atsikana awiri amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4.

Tsiku loyamba ndinafunsa funso langa lija ndisanakhale n'komwe pampando. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti, "Inu agogo, ingophunzirani kusoka." Sanatero. Anatsegula kachitsulo ka pansi pa singano, n'kutulutsa bobini (kokulungapo ulusi wapansi) ndi shatulo (kachitsulo kamene bobiniyo imakhalamo) n'kundiika m'manja. Kenako anaika ulusi wofiira pamwamba ndi woyera m'bobini, nagoneka mutu wa makina chagada kuti ndione zam'kati, n'kumazunguza gudumu pang'onopang'ono. Ndinaona ndi maso anga: singano ikatsika n'kuyamba kukwera, ulusi wofiira umapanga kakhwekhwe kumbuyo kwake, kamlomo ka shatulo kamakola kakhwekhweko n'kukazungulitsa pa ulusi woyera, basi mfundo yamangika pakati pa nsalu. Ulusi ndi uwiri, umakolana. Anabwereza kanayi osatopa. Pamenepo ndinadziwa kuti ndalama yanga yapeza malo, chifukwa makaniko ambiri amene ndinakumana nawo m'misewu ankabisa nzeru kuti udzabwerenso.

Sabata ziwiri zoyamba sanandipatse nsalu. Ndinkapalasa makina opanda ulusi, singano ikuboola pepala la m'kope kutsatira mizere. Apa m'pamene ndinavutika kwambiri. Phazi langa linazolowera kilatchi ndi buleki, kuponda kamodzi n'kusiya. Chopondera cha makina sichifuna zimenezo. Chimafuna chidendene ndi zala zisinthane mosadukiza, ndipo gudumu uliyambitse ndi dzanja likuzungulira chakwa iwe. Ukalakwitsa pang'ono limabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka kapena kupotana pansi. Atsikana aja anachigwira m'masiku atatu. Ine zinanditengera masiku khumi ndi awiri. Aphunzitsi anga (ndimawatchula choncho, ngakhale ndi msinkhu wa mwana wanga wachitatu) anandiuza kuti ndivule nsapato kuti phazi limve chitsulo, ndiponso kuti ndiziimba nyimbo ya m'kwaya chamumtima kuti mapazi atsate. Zinathandiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayi ameneyu ali nako kudekha kwa mtundu umenewo.

Chimene ndimawayamikira kwambiri n'choti sandimvera chisoni. Msoko ukakhota amandipatsa lezala kuti ndimasule ndiyambirenso, monga amachitira ndi atsikanawo. Kabudula wanga woyamba wa mdzukulu ndinamumasula katatu chifukwa ndinalumikiza miyendo molakwika. Sananene kuti "kwa msinkhu wanu zili bwino." Anangoti, "Bambo, mwana savala ameneyu, masulani." Ndinabwera kunyumba mtima uli mbee, chifukwa chiyambire kupuma ntchito anthu amandilankhula ngati dzira loti lingasweke.

Amaphunzitsanso kumva matenda a makina, zimene kwa dalaivala n'zokoma ngati kumvera injini. Ulusi ukamaunjikana kunsi kwa nsalu, ambiri amathamangira kugwira bobini, chonsecho vuto limakhala ulusi wapamwamba: walowetsedwa molakwika kapena wakhwefuka. Makina akamadumpha msoko, yang'ana singano, mwina yapindika, yabuntha kapena waiika mozondotsa. Singano ya nambala 14 ndi ya chitenje ndi nsalu zapakati, ya 16 ndi ya kaki ndi jinzi. Lamba akatayirira umamudula pang'ono n'kumulumikizanso ndi kawaya kake. Mafuta ndi a makina osokera okha, kadontho kamodzi pabowo lililonse. Mafuta ophikira amaumirira n'kumanga zitsulo. Ndi nzeru zimenezi ndinadzutsa ndekha Singer ya mayi, imene inali itauma moti gudumu linkalira. Tsiku limene inasoka msoko woyamba wowongoka ndinakhala kaye chete pampando kwa kanthawi.

Zovuta ziliponso, ndipo munthu wamkulu azidziwe asanapereke ndalama. Choyamba ndi kuwala. M'chipindamo muli zenera limodzi, ndipo makina a ophunzira ali kumbuyo. Kwa mtsikana wa zaka 19 palibe vuto, koma ine kulowetsa ulusi wakuda pasingano m'kachisisira kameneko kunkanditengera mphindi zisanu. Ndinachita kupempha kuti makina anga azitulutsidwa pakhonde, ndipo anavomera, koma ndinayenera kuyamba ndine kunena. Ndinagulanso magalasi owerengera. Mipando ndi timabenchi topanda potsamira, moti ikamakwana 11 koloko msana umakhala ukuyaka. Tsopano ndimapita ndi kapilo kanga.

Chachiwiri ndi chimene chinandipweteka mtima. Iyi ndi shopu yogwira ntchito, si sukulu, ndiye kasitomala ndiye amayamba. Mu Seputembala, sukulu zikamatsegulidwa, mumadzaza mayunifolomu. Mu Disembala ndiye musanene: maukwati, zinkhoswe, zovala za Khirisimasi, amayi a mabungwe a kutchalitchi aliyense akufuna chake mawa. Sabata zitatu za mwezi umenewo sindinaphunzire chatsopano chilichonse. Ndinkangosita ndi simbi ya makala, kusokerera mabatani ndi kupinda m'mphepete mwa zitenje, koma ndalama ndinalipira yonse. Sindikana kuti kupinda zitenje makumi angapo kunawongola dzanja langa, koma akanandiuza poyamba kuti mwezi umenewu ndi wothandiza ntchito, tikanagwirizana mtengo wina. Nditawadandaulira anapepesa, ndipo analonjeza kundiwonjezera sabata ziwiri zaulere mu Januwale. Magetsi akathima ovaloko imaima, choncho kumaliza m'mphepete mwa nsalu ndi makina amenewo ndangokuyesa kawiri kokha.

Palibenso ndondomeko yolembedwa. Zimene uphunzire lero zimadalira chovala chimene chabwera. Ine ndinagula kope n'kumalemba ndekha miyezo: chiuno, chifuwa, phewa, kutalika kwa mkono, ndi inchi yosiyira msoko. Wofuna satifiketi yofunsira ntchito asabwere kuno, akafufuze malo ovomerezedwa ndi TEVETA. Kuno umatuluka ndi luso la m'manja basi.

Kudula nsalu ndiko kumene ndikuopabe. Msoko wolakwika umamasula, koma sizasi ikadya nsalu yadya. Aphunzitsi amangoyeza munthu ndi tepi, kulemba ndi choko pansalu mizere itatu inayi, n'kudula mosakayika. Ine amandiyambitsa pa manyuzipepala akale ndi mapepala a matumba a simenti. Mamita awiri a chitenje si ndalama yochepa masiku ano, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, ndiye ndimagula madiresi akuluakulu a kaunjika otsika mtengo n'kuwamasula kuti ndipeze nsalu yoyeserera. Nzeru imeneyi anandipatsa ndi iwo omwe, ngakhale amadandaula kuti kaunjika yemweyo ndi amene anachepetsa anthu osoketsa malaya ndi mathalauza.

Mnzanga wina amene tinkayenda naye ulendo wa ku Beira anandipeza pakhondepo ndikupalasa. Anati, "Achimwene, kuwongola mtengo m'poyamba, zimenezi asiyireni ana." Ndinamuonetsa kabudula wa kaki amene ndinali kumaliza, wokhala ndi matumba awiri ndi lasitiki m'chiuno. Anamutembenuza, nakoka msoko ndi manja onse awiri kuti aone ngati ungathothoke, kenako anafunsa ngati ndingamuikire zipi pathalauza lake. Ndinamuikira sabata yotsatira, ndipo aphunzitsi ataiyendera anangogwedeza mutu n'kupitiriza zawo.

Pofika pano ndimatha kusoka kabudula, siketi ya yunifolomu, pilokesi, kuika zigamba ndi zipi, ndi kuchepetsa chovala chachikulu. Kwa munthu wamsinkhu wanga amene akufuna kuyamba, ndinganene kuti pitani, koma yambani mu Febuluwale kapena Malichi pamene shopu ilibe piringupiringu, gwirizanani za Disembala musanalipire, ndipo pemphani malo a pakhonde tsiku loyamba lomwelo. Ine ndalipiriratu miyezi ina itatu. Kolala ya shati ikundikanabe, nsonga zake zikutuluka imodzi yaitali ina yaifupi, ndipo aphunzitsi ati Lolemba tiyambira pamenepo.