Auth0 pa nkhani yoika ndi kusamalira ma app: mmene ndikuionera

Ngati mwatopa kulemba nokha kodi ya login, ya kuiwala pasiwedi, ya imelo yotsimikizira ndi zina zonse zija, Auth0, sevisi ya pa intaneti yomwe imakuchitirani zimenezi, ndi yoti muiyese. Munthu akafuna kulowa mu app yanu amatumizidwa ku peji yawo yomwe amati Universal Login, akalemba zake molondola amabwezedwa kwa inu atanyamula token, kachizindikiro kotsimikizira kuti walowa, mapasiwedi inu simuwagwira nkomwe. Si kakampani koti mawa kazimiririka ayi, inayamba 2013 ndi Eugenio Pace ndi Matias Woloski ndipo kampani ya Okta inaigula mu 2021 pa madola pafupifupi 6.5 biliyoni.

Kulembetsa app yanu (iwo amati application) pa dashboard ya Auth0 ndi kosavuta zedi, mwina nkuona ngati mwamaliza msanga. Koma pomwe pali ntchito ndi pa funso loyamba lija, loti app yanu ndi ya mtundu wanji. Mitundu ilipo inayi: Native ya pa foni kapena pa kompyuta, Single Page ngati za React zija, Regular Web yomwe ili ndi seva yake kumbuyo, ndi Machine to Machine pomwe palibe munthu, ma seva okhaokha akulankhulana. Anthu ambiri amangodina iliyonse poganiza kuti ndi dzina chabe, pomwe chimenechi ndi chomwe chimanena ngati app yanu ingasunge chinsinsi kapena ayi. Regular Web imagwiritsa ntchito Client ID ndi Client Secret, dzina ndi chinsinsi zomwe app imadzizindikiritsa nazo kwa Auth0, chifukwa secret imakhala ku seva komwe palibe angaione. Single Page ndi Native sizingabise kanthu, aliyense wotsegula browser kapena kufukula app atha kuiona, ndiye zimayenda ndi PKCE, njira yopanga chinsinsi chatsopano pa login iliyonse, mmalo mwake. Mukapeza Client Secret ili mu JavaScript ya kutsogolo dziwani kuti zalakwika kale, ichotseni ndipo muisinthe pompo, batani la rotate lilipo mu settings momwemo.

Kenako ma URL. Apa ndiye pamene aliyense amagwa koyamba. Allowed Callback URLs, bokosi lolembamo ma adilesi omwe Auth0 ingabwezereko munthu akalowa, limafuna adilesi ifanane ndendende ndi yomwe app ikutumiza, kungosiyana http ndi https, kapena port 3000 pomwe app ikuyenda pa 5173, basi mulandira "Callback URL mismatch" ndipo simupita kulikonse. Zimakwiyitsa inde koma ine ndimaona kuti akuchita bwino kuuma mtima pamenepa, chifukwa akanalola adilesi iliyonse munthu wakuba akanatha kutumiza token ya kasitomala wanu ku sayiti yake. Musaiwalenso Allowed Logout URLs ndi Allowed Web Origins, mabokosi awiriwa anthu amawadumpha, ndipo akadumpha loyambalo nkumadabwa kuti bwanji logout ikukana.

China chomwe malangizo oyambira a Auth0 (Quickstart) amadutsa mothamanga ndi kusiyana kwa ID token ndi access token. ID token ndi ya OpenID Connect, ndondomeko yodziwika ya login, imauza app yanu kuti walowayu ndi ndani. Access token ndi yomwe mumapita nayo ku API, seva yomwe app yanu imapemphako data. Mukapanda kulembetsa API yanu pa dashboard nkutumiza audience (dzina lozindikiritsa API-yo) popempha token, mulandira token yoti API yanu singaiwerenge ngati JWT (mtundu wa token yosainidwa yomwe API imatha kuitsimikizira yokha), ndiye mumakhala mukuyang'ana error ya 401, yoti simunaloledwe, osadziwa chavuta. App ya Machine to Machine nayonso muyenera kuipatsa chilolezo pa API iliyonse payokha ndi kusankha ma scope, zinthu zomwe ikuloledwa kuchita, ndipo chonde musachonge onse chifukwa cha ulesi, ipatseni zokhazo zomwe ikufunika.

Ma connection, njira zomwe munthu angalowere nazo, ndi abwino, sindinena zambiri. Database yawo, Google, Facebook, Apple, SAML yolowera ndi akaunti ya ku kampani, mumangoyatsa pa app yomwe mukufuna nkuzimitsa pa ina. Koma ma dev keys omwe amabwera nawo poyesa login ya Google ndi oyesera basi, iwo eni amachenjeza, musanatulutse app pangani makiyi anu.

Chomwe ndimakonda kwambiri ndi Actions, tima function ta Node.js tomwe timayenda pakati pa login, mwachitsanzo kuika role ya munthu mu token kapena kukana imelo yosatsimikizidwa. Zinabwera kulowa mmalo mwa Rules ndi Hooks, ndiye mukapeza tutorial yakale pa intaneti ikuphunzitsa Rules isiyeni, mungotaya nthawi. Ma logs nawo amathandiza, login iliyonse yolephera imaoneka ndi chifukwa chake, kungoti pa pulani yaulere sasungidwa nthawi yaitali.

Tsopano zomwe muyenera kuganiza kawiri. Tenant, malo anu pa Auth0 momwe mumakhala ma app ndi ma user anu, mukaipanga, dzina lake ndi region sizisinthika, ndipo dzinalo limalowa mu domain yomwe makasitomala amaiona polowa pokhapokha muike custom domain, ndiye dzina lachibwana loyesera lija lingakutsatireni mpaka kale. Pangani tenant ina ya dev ina ya production kuyambira tsiku loyamba, ndipo ma app akayamba kuchuluka musamadalire kudina ndi manja, zida ngati Deploy CLI kapena Terraform zimasunga settings zonse mu Git, mnzanu akasintha kanthu usiku mumadziwa. Mtengo umawerengedwa ndi anthu olowa pa mwezi, poyamba mwina simulipira kanthu koma app ikakula bilu imakulanso, makamaka makasitomala anu akayamba kufuna ma enterprise connection, olowera ndi akaunti za ku kampani kwawo. Ndipo kutuluka sikophweka ngati kulowa: ma profile mutha kukopera nokha koma ma hash a mapasiwedi (mapasiwedi osungidwa mobisika) mumachita kupempha ku support.

Kwa timu yaing'ono yopanda munthu wa security ndikuti tengani, ikupulumutsani ku zolakwika zomwe simukanaziona nkomwe. Ngati muli ndi anthu otha kusamalira seva usana ndi usiku ndipo mukuyembekeza ma user ambirimbiri, yerekezani kaye ndi Keycloak, ndi ya open source, mumaiyendetsa nokha, ma update ndi ma backup onse ali pa inu.