La Caverna ku Mandala House: Kumene Ntchito ya Wojambula Imapatsidwa Ulemu

Mumzinda wa Blantyre muli anthu ambiri odziwa kugwira burashi ndi penti, koma malo amene angapachikepo zithunzi zawo kuti anthu azione modekha ndi ochepa kwambiri. Ambiri amayala ntchito zawo m'mbali mwa msewu pamodzi ndi ogulitsa ziboliboli, ndipo fumbi, dzuwa ndi kunenerera kwa ogula zimatsitsa mtengo wa chithunzi chimene mwini wake anachivutikira masabata ambiri. N'chifukwa chake ndimayamikira La Caverna, malo oonetsera ndi kugulitsa zaluso amene ali m'zipinda zapansi za Mandala House.

Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene inkayendetsedwa ndi abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir, ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yakale kwambiri mwa nyumba zachizungu zimene zidakalipo m'Malawi. Makoma ake okhuthala ndi khonde lake lalitali zimachititsa kuti munthu akalowa achepetse liwiro, ayang'ane chithunzi chilichonse pachokha, abwerere m'mbuyo pang'ono, kenako achiyandikirenso kuti aone mmene dzanja la wojambula linayendera. Kupatula zithunzi, mulinso zosema ndi mabuku, ndipo m'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko lino limene linayamba mu 1946, kotero kuti wojambula wofuna kudziwa mmene mzindawu unkaonekera kale sasowa kolowera.

Nyengo imene ndimakonda kupitako ndi yachisanu, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimaphimba phiri la Soche ndi nkhungu. Kwa wojambula, masiku amenewa ndi ovuta, chifukwa penti wamafuta amachedwa kuuma m'chinyezi, kuwala kumakhala kochepa, ndipo zala zimachita dzanzi m'mamawa. Komabe ndi nthawi yomweyi pamene alendo ochokera kunja amachuluka m'dziko muno, ndipo kumalo omwera khofi a panyumbayi munthu amatha kukumana ndi anzake okonda zaluso atavala majuzi, n'kukambirana za mitundu ndi mitengo ya zipangizo khofi akutentha m'manja. Macheza otere ndi ofunika kwa munthu amene ntchito yake amaigwira yekhayekha m'kachipinda kwawo ku Ndirande kapena ku Zingwangwa.

Amene amadandaula kuti zithunzi za m'malo ngati amenewa n'zodula ayenera kukumbukira kuti penti wabwino ndi maburashi zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'china: popeza ogula zithunzi m'dziko muno ambiri ndi alendo, ojambula athu amakakamizika kubwerezabwereza nyanja, mlambe ndi amayi osenza mitsuko, pamene moyo wa m'minibasi, wa mumsika wa Limbe ndi wa m'maliro sujambulidwa kawirikawiri. Vuto limeneli silingathe mpaka Amalawi eniake, makamaka amene ali ndi maofesi ndi nyumba za makoma opanda kanthu, atayamba kulowa m'malo ngati La Caverna, kufunsa dzina la wojambula ndi kugula ntchito yake.