Msonkhano wa makolo pa maphunziro a za kugonana pasukulu ina ku Leicester

Mwana wanga wamkazi ali mu Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale, pasukulu ina ya boma ku Leicester, ku England, ndipo mwezi wathawu sukuluyi inaitana makolo kuti tikaone zimene ana athu adzaphunzitsidwe zokhudza maubwenzi, kutha msinkhu ndi kugonana. Kuyambira mu Sepitembala 2020, sukulu za pulayimale ku England zimakakamizidwa ndi lamulo kuphunzitsa za maubwenzi, ndipo ziyenera kumva maganizo a makolo polemba ndondomeko ya phunziroli.

Chimene ndinayamikira kwambiri ndi chakuti aphunzitsi aakulu sanatibisire malire a ufulu wathu. Anafotokoza kuti kholo likapempha kuti mwana wake wa ku pulayimale asaphunzire za kugonana, pempholo limavomerezedwa, koma palibe amene angamuchotse mwana pa phunziro la maubwenzi, la zaumoyo limene limakamba za msambo ndi kusintha kwa thupi, kapena la sayansi. Anawonjeza kuti ku sekondale ufuluwu umatha kukatsala materemu atatu kuti mwana akwanitse zaka 16, chifukwa kuyambira pamenepo mwanayo amatha kusankha yekha. Mabuku onse anayalidwa patebulo, ndipo ndinatsegula ndekha tsamba lojambulidwa thupi la mtsikana n'kuwerenga mawu amene mwana wanga adzawerenge. Kwathu nkhani zotere zinali za azakhali ndi anankungwi, osati za mphunzitsi wamwamuna pamaso pa anyamata, choncho mtima unakhala pansi nditamva kuti pa phunziro la msambo atsikana adzakhala paokha ndi mphunzitsi wamkazi.

Pali ziwiri zimene sizinandisangalatse. Kalata yotiitana inafika kutatsala masiku atatu okha, ndipo msonkhano unayamba 3 koloko masana, nthawi imene ambiri a ife osamalira okalamba ndi odwala timakhala tili pantchito. Ine ndinachita kusinthana tsiku ndi mnzanga, koma mipando yambiri inali yopanda anthu. Chachiwiri, kanema wa kampani ina imene imathandiza kuphunzitsa anangotionetsa mbali yochepa, ati chifukwa eni ake salola kumugawa. Chifukwa chimenechi n'chosakhutiritsa, poti mu 2023 nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, Gillian Keegan, inalembera sukulu kuti umwini wa zophunzitsira usalepheretse makolo kuziona. Nditakumbutsa zimenezi, anandipatsa tsiku loti ndikamuonere yense mu ofesi, ndipo ndinapitadi.

Nditamuona kanemayo, ndinasankha kuti mwana wanga asachotsedwe, koma ndinapempha tsiku lenileni la phunzirolo kuti tiyambe takambirana kunyumba iye asanakamve m'kalasi. Kholo lililonse limene lili ndi mwana pasukulu ya kuno lipemphe ndondomeko yolembedwa ndi zophunzitsira zonse teremu ikangoyamba, lisadikire kalata.