Ripita, mesh kapena waya: zomwe ndaona pofalitsa WiFi pa loji yathu ku Kasungu

Anzanga okhala ndi malo ogona alendo mwandifunsa kokwanira za mmene ndinafikitsira WiFi m'nyumba zonse za loji yathu, ndiye ndiyankhe kamodzi. Loji yathu ili ndi nyumba zitatu zondondozana, ndipo intaneti imalowera ku ofesi, kutsogolo.

Ndinayamba ndi maripita awiri, tizipangizo tolandira WiFi n'kuibwereza kuti ifike patali, a m'shopu ina ku Lilongwe. Wogulitsa anati ndi kungolumikiza ku magetsi basi. Timizere ta WiFi tinadzazadi pafoni, koma vidiyo inkangozungulira, mpaka mlendo wina amene ankafuna kukhala sabata yonse anasamuka m'mawa mwake. Mpaka pano zimandiwawa. Chimene sanandiuze n'chakuti ripita wotchipa amamva ndi kulankhula pa wailesi imodzi. Amayamba walandira, kenako n'kubwereza pa tchanelo chomwecho, ndiye liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Wachiwiri, womvera woyambayo, amadulanso pa kotsalako. Nyumba yakumbuyo inkangolandira makombo.

Mphwanga wophunzira za makompyuta anandiuza kuti vutoli akatswiri analipezera nzeru yotchedwa network coding. Tinene kuti zipangizo ziwiri zikutumizirana uthenga kudzera mwa chachitatu chapakati. Mwa nthawi zonse pamafunika kutumiza kanayi. Koma chapakaticho chikasakaniza mauthenga awiriwo mwa masamu a pakompyuta otchedwa XOR n'kuulutsa kamodzi, aliyense amachotsamo wake womwe akuudziwa kale n'kutsala ndi wa mnzake. Kutumiza kwakhala katatu. Ganizoli linatchuka mu 2000, a ku yunivesite ya MIT ku America analiyesa pa WiFi mu 2006 pa dzina la COPE, ndipo mu 2013 linalowa mu batman-adv, pulogalamu ya Linux yoyendetsa mesh, yomwe ndi gulu la zipangizo za WiFi zopatsirana uthenga zokhazokha.

Nzeruyi ndinaikonda kwambiri, koma pa loji singatipulumutse. Imapindula mauthenga akamadutsana mbali zonse ziwiri mofanana. Alendo athu amakoka kwambiri, mpira, YouTube, TikTok, pomwe zomwe amatumiza n'zochepa, choncho zosakaniza zimasowa. Komanso pa bokosi la chipangizo chilichonse chomwe ndagwirapo sindinaonepo mawu oti network coding.

Mesh yokhala ndi wailesi yapadera ya 5 GHz yolumikiza zipangizo zokhazokha ndiyabwino, ndinaiyesa ya mnzanga. Mtengo wake ndi wowawa, ndipo 5 GHz imafooka msanga pa zipupa za njerwa zootcha ndi malata.

Ine ndinathera pa waya wa intaneti wa mtundu wa Cat6. Umafika mamita 100, ndipo ndi njira yotchedwa PoE umanyamula ndi magetsi omwe, ndiye zonse zimadya pa batire limodzi la sola ku ofesi. Tinakumba ngalande, tinaulowetsa mu paipi ya pulasitiki, nyumba iliyonse n'kuikamo access point yake, kachipangizo koulutsa WiFi yochokera mu wayamo. Osaupachika m'mwamba, mphezi za m'dzinja mukuzidziwa. Ntchito inali ya masiku awiri, madandaulo anatheratu.

Amene bwalo lanu ndi la simenti losakumbika, gulani mesh yokhala ndi wailesi yapaderayo. Maripita aja ali m'kabati, ndipo sindingagulitse munthu amene ndimapatsana naye moni.