Miyezi 8 ndi sequencer: data sinasiyanepo, koma coordinator amatopa

Patha miyezi 8 chisinthireni ku total order ya sequencer (njira yoti maseva onse azitsata mauthenga mu mzere umodzimodzi, seva imodzi ikuwapatsa manambala) pa maseva athu asanu, ndiye ndati ndinene mmene zayendera poti masiku oyamba aja ndinkangoichemerera ndisanaione pa mavuto.

Chomwe chinatithamangitsira kumeneko n'choti maseva ankalandira mauthenga omwewo koma mosinthanasinthana. Tiyerekeze nambala ndi 5, wina watumiza "onjezera 10", wina "chulukitsa kawiri". Seva iyi ikupeza 30, inzake 20, chonsecho palibe yomwe yataya uthenga olo umodzi. FIFO (lamulo loti wotumizidwa koyamba afike koyamba) sinatithandize chifukwa imangosunga mzere wa wotumiza m'modzi, awiri akatumiza nthawi imodzi ilibe nazo ntchito.

Sequencer ndi yosavuta kumva. Aliyense amapereka uthenga wake kwa coordinator, seva imodzi yosankhidwa kutsogolera, iye amaupatsa nambala kenako n'kuutumiza kwa onse, ndipo 42 akafika 41 asanafike amangodikira pakhomo. SEQUENCER ya mu JGroups, library ya Java yotumizirana mauthenga pa gulu la maseva, imayenda chonchi. Pamenepa ndilibe dandaulo, usiku uliwonse timafananiza ma checksum (manambala owerengedwa kuchokera ku data, oonetsa ngati ikufanana) a maseva onse asanu ndipo sanasiyanepo. Zija zodzuka 2 koloko kufufuza kuti seva yolondola ndi iti zinatha.

Koma mtolo wonse uli pa mutu wa m'modzi. Mwezi wachitatu coordinator anaima masekondi angapo chifukwa cha garbage collection (pulogalamu ikamayeretsa memory yomwe sikufunikanso), sanafe ayi anangozizira, koma timeout, nthawi yodikira tisanati wafa, tinaiika yaifupi kwambiri ndiye anzake anamuyesa wakufa, n'kusankha wina, woyamba uja atatsitsimuka gulu linayambanso kukonza view yatsopano (mndandanda wa omwe ali mu gululo), nthawi yonseyo mauthenga ali pa mzere palibe chikuyenda. Titaitalikitsa timeout ija zabodzazo zinasiya, koma tsopano akafadi timadikira nthawi yaitali tisanadziwe. Apa palibe setting yamatsenga. Fischer, Lynch ndi Paterson anaonetsa kale mu 1985 kuti pa netiweki yopanda malire a nthawi consensus (kugwirizana kwa maseva pa chinthu chimodzi) siingatsimikizike ngakhale wofa ali m'modzi yekha, ndipo gwero lake ndi lomweli, wakufa ndi wochedwa amaoneka chimodzimodzi.

Cholakwa chachikulu chinali chathu. Tinkaponya chilichonse mu mzere umodziwo, ma log, ma stats, zonse, ngati kuti nazonso zikufuna nambala. Titazichotsa n'kusiya zokhazo zosintha state (data yomwe iyenera kufanana pa maseva onse), coordinator anapuma. China chomwe ndingachonderere aliyense: netiweki ikagawikana, mbali yokhala ndi maseva atatu kapena kuposerapo yokha ndiyo ipitirize kulemba. Mukalekerera, mbali iliyonse imasankha coordinator wake ndipo mukhala ndi ma 42 awiri osiyana.

Ndinaganizirako za token, ngati njira ya Totem yomwe Corosync, pulogalamu yogwirizanitsa gulu la maseva, imagwiritsa ntchito, komwe chilolezo chotumiza chimazungulira ndiye katundu amagawanidwa. Koma umadikira token ikupeze, ndipo ikatayika ring yonse imaima kaye. Raft, njira ya consensus ya Ongaro ndi Ousterhout ya 2014, nayo ili ndi leader, kungoti majority (lamulo lija loti mbali ya ambiri ndiyo ipitirize) ndi zisankho zili mkati momwemo kale, zomwe ife tinachita kusokerera tokha.

Pakadali pano sindikusintha. Tikufuna kuonjezera maseva awiri ku data centre ina, ndipo chomwe ndiyeze kaye ndi ulendo wopita kwa coordinator ndi kubwerera, chifukwa ngakhale wotumiza amadikira uthenga wake womwe ubwere ndi nambala asanaugwiritse ntchito.